Mpweya wa Bambo Mwakilama

Bokosilo linali patebulo la kukhitchini, lili chitsegukire. Eneya Chikoti anavala magolovesi n'kuyamba kutulutsa zomwe zinali m'katimo. Anali mabotolo a madzi akumwa osatsegula, lililonse lokulungidwa m'thawulo lakale kuti lisamagubuduzike. Limodzi lokha ndilo linali lopanda chokulunga. Makina a mpweya munalibe.

"Ndi mmene linafikira?" anafunsa.

"Ndi mmene linafikira," anatero Mayi Misozi Mwakilama, ataimirira pafupi ndi sinki, manja atapinda pachifuwa. "Tepi ndinadula ndekha ndi mpeni uwo, bambo a Atusaye akuyang'ana. Anali atavala jekete yawo yabwino, ngati kuti ndege ili panjapa."

Eneya anali wapolisi wofufuza milandu ya chinyengo ku Glasgow. Anachoka ku Zomba ali wamng'ono, ndipo dandaulo lililonse lokhala ndi dzina lachimalawi linkathera patebulo pake. Ili linamupeza litazungulira kale m'manja mwa anzake. M'fulati ya ku Maryhill imeneyi munkamveka zinthu ziwiri kuchokera kuchipinda: kung'ung'uza kwa makina aakulu a okosijeni a kuchipatala, ndi chifuwa cha mwamuna wotopa.

"Tandifotokozereni kuyambira pachiyambi, amayi."

Mayiwo anafotokoza mosapita m'mbali. Mapapo a amuna awo, Bambo Japhet, anali atatha. Madokotala anali atanena kuti palibenso chochita. Bambowo ankangofuna chinthu chimodzi: kukafera kwawo ku Misuku. Koma a ndege sakanawanyamula opanda kamakina kakang'ono ka mpweya koyendera batire, ndipo makina a chipatalawo sankaloledwa kutuluka m'dziko.

"Kuno kamakinako mtengo wake ndi wosayamba. Koma ku Holland kuli sitolo ya pa intaneti yogulitsa timakina togwiritsidwapo kale ntchito, tokonzedwanso bwino. Vuto ndi loti ukatsegula tsamba lawo uli kuno, limakuthamangitsira kutsamba lina la anthu a ku Britain, komwe kuli zatsopano zokhazokha. Ndinawaimbira foni. Anati adiresi ya kuno ayi, khadi ya banki ya kuno ayi."

"Munawafunsa chifukwa?"

"Mtsikana wake anayankha mwaulemu ndithu. Anati lamulo lowaletsa kusala munthu chifukwa cha dziko lomwe akukhala lilipo, koma limateteza anthu a mayiko a mgwirizano wa Ulaya. Ifeyo akuti tinatulukamo. Basi."

Ndiye amene anagula anali mwana wawo, Atusaye, namwino wokhala ku Dublin. Ndalama anasonkha ndi a kumpingo. Sitoloyo inatumiza katunduyo kunyumba kwa Atusaye, ndipo poti batire lake silinkaloledwa papositi, anapempha Nedson Kachale, wa mumpingo momwemo, yemwe ankawoloka ndi vani yake kupita ku Ireland kukatengera anthu katundu wotere.

"Ndi Nedson," anatero Mayi Misozi. "Musadzivute."

"Munamuona akutsegula?"

"Ndi Nedson," anabwerezanso, koma maso awo anali pa mpopi wa sinki.

*

Bokosilo lisanafike ku Maryhill linagona kushopu ya Mayi Flora ku Pollokshields, komwe Nedson ankatsitsira katundu yense kuti eni ake azidzatenga. Eneya anawapeza akupakira matemba m'timapepala tapulasitiki.

"Ine ndiye musandiikemo, mwana wanga," anatero asanafunsidwe n'komwe. "Ndili ndi kamera apo, ina apo. Onerani mpaka maso awawe. Bokosi linalowa, linakhala pansi pa shelefu ya ufa, m'mawa mwake Misozi anabwera ndi takisi. Ndinachita kumunyamulira ndekha, msana uno."

"Tepi inali bwanji?"

"Pamwamba inali ya sitolo, yolembedwa chilankhulo chawocho. Pansi sindinayang'ane. Ndani amayang'ana pansi pa bokosi la mnzake?"

Eneya anali atayang'ana. Pansi pake tepi ya sitoloyo inali itadulidwa bwinobwino, n'kumatidwanso ndi ina yoonekera. Anatulutsa foni n'kuwaonetsa chithunzi cha botolo.

"Madzi awa mumagulitsa?"

Mayi Flora anakweza magalasi. "Awa si a kuno. Onani kachizindikiro ako, n'kobwezera botolo kusitolo kuti akupatse tindalama. Za ku Ireland zimenezo. Kuno sitinayambe." Anabweza foniyo n'kutsitsa mawu. "Ndiye kuti zinachitikira kutsidya. Koma Nedson, ine ayi. Wanditengera katundu kangati? Tsitsi, mafuta odzola, makina osokera a Mayi Aleke. Sanasowetsepo ngakhale singano. Mukudziwa zomwe zamuchitikira?"

"Ndamva kuti vani yake anaigwira."

"Vani yokha? Pitani mukamuone. Mkazi wake sakudya."

*

Nedson ankakhala ku Sighthill, m'nyumba zatsopano zomwe zinamangidwa pomwe kale panali zinyumba zazitali. Anatsegula chitseko atavala kabudula ndi masokosi, masana dzuwa lili pamutu. Anali mwamuna wamfupi, wolankhula pang'onopang'ono ngati akuopa kuti mawu amuthera.

"Lowani, bwana. Ntchito ndilibe, nthawi ndili nayo."

Nkhani yake inali yachidule. Mayi Misozi atadandaula kupolisi, nambala ya vani yake inaperekedwa kudoko. Pa ulendo wotsatira anamuimitsa ku Cairnryan atangotsika m'sitima. Makina a mpweya sanawapeze. Anapeza katundu wa anthu ena wosalembetsa, ndiponso anapeza kuti viza yake inali yosamalira okalamba, osati yoyendetsa bizinesi. Abwana ake kuntchito atamva, anamuchotsa. Tsopano ankangodikira kuuzidwa tsiku lochoka.

"Kulakwa ndinalakwa, sindikukana," anatero. "Ndinkadziwa kuti pepala langa silindilola. Koma anthu ankabwera okha. Uyu sitolo yamukana, uyu khadi yake yakanidwa, uyu akumuuza mtengo wina chifukwa ali ku Glasgow. Ine ndili ndi vani, msuweni ali ku Dublin. Ndikanatani?"

"Bokosi la a Mwakilama munalitenga kuti?"

"M'manja mwa Atusaye, pakhomo pake."

"Munaima pena paliponse?"

"Kumwetsa mafuta basi. M'sitima vani imakhala pansi, saloleza munthu kutsikirako. Funsani."

"Madzi munagula?"

"Ndimayenda ndi fulasiki ya tiyi, bwana. Madzi ogula ndi a anthu olemera." Anaseka pang'ono, kuseka kosafika m'maso. "Bambo Mwakilama ndi amene anandilandira pabwalo la ndege nditangofika dziko lino. Jekete yanga yoyamba inali yawo. Ndingawabere mpweya? Ndikaugulitsa kwa yani?"

Eneya anadikira. Anali ataphunzira kuti munthu akamaliza kudziteteza, m'pamene amakumbukira zinthu.

"Chimodzi chokha," anatero Nedson patapita kanthawi. "Masiku onse Atusaye amandilowetsa, amandipatsa chakudya. Tsiku limenelo anandikumanira pakhomo, bokosi lili kale m'manja. Ndikulowa m'vani anandithamangira. Anati, 'Ankolo, amayi akakatsegula, muwauze aimbire ine. Asaimbire wina aliyense.'"

"Munawauza?"

"Ndinaiwala. Ndinkaganiza kuti akunena za kayatsidwe kake."

*

Ku ofesi, Eneya anayesa kutsegula tsamba la sitolo ya ku Holland ija. Linamuthamangitsa monga linathamangitsira Mayi Misozi. Anayesanso, n'kubwerera pomwepo: mbendera ya Britain pakona, makina atsopano okhaokha. Anali atawalembera kale eni sitoloyo, ndipo yankho lawo linali laulemu koma louma. Iwo ankakambirana za katundu ndi wogula yekha, ndipo wogula wawo anali ku Dublin.

Isla, mnzake wa patebulo loyandikana, anasuzumira. "Ukulimbana ndi chiyani?"

"Tsamba ili silikufuna anthu a kuno."

"Ndiye usakhale wa kuno." Anakoka kiyibodi, n'kuyatsa pulogalamu yonamiza tsambalo kuti kompyutayo ili ku Ireland. Mbendera ija inasintha. Timakina togwiritsidwapo kale ntchito tinaonekera m'mizere, kalikonse ndi chithunzi chakechake.

Eneya anatsegula foni yake. Mayi Misozi anali atamutumizira chithunzi chomwe Atusaye anawatumizira tsiku logula: kamakina kotuwa, kokhala ndi kachipsera kooneka ngati chikhadabo pafupi ndi batani loyatsira. Anatsika ndi mizereyo pang'onopang'ono. Anakapeza chakumapeto. Kachipsera komweko, nambala yomweyo pambali.

"Werenga pansipo," anatero Isla.

Panalembedwa kuti katunduyu anabwezedwa ndi wogula asanagwiritsidwe ntchito. Pamwamba pa chithunzicho panali mzere wofiira: wagulidwa.

"Wakuba sangabweze katundu kusitolo," anatero Isla. "Amabweza ndi mwini oda, ndipo ndalama zimabwerera pakhadi yomwe inalipira. Kumeneko ndi ufulu wake, safunsidwa n'chifukwa chomwe. Wogulayo ndani?"

Eneya anatenga foni n'kutuluka panja.

*

Atusaye anayankha m'Chingerezi chothamanga cha ana okulira ku Glasgow. Anati ali pantchito, ali ndi mphindi zochepa. Eneya anamulankhula m'Chichewa.

"Achemwali, makina aja ndawaona. Ali patsamba la sitolo."

Kunamveka chitseko chikutsekedwa, phokoso la m'chipatala n'kuzilala. Atalankhulanso, nayenso anali atasintha chilankhulo.

"Amayi akudziwa?"

"Ndayamba ndi inu."

"Munawaonapo adadi akachotsa kachubu kaja kuti apite kubafa?" anafunsa. "Milomo imada asanafike pachitseko. Ine ndimagwira ntchito muwodi ya anthu a mapapo, achimwene. Ndimadziwa mmene munthu amafera mpweya ukamuthera. Safa ngati akugona. Amakugwira dzanja, maso ali tong'o, akukupempha chinthu chomwe ulibe."

"Ndiye munabweza."

"Batire la kamakina kaja silikanawafikitsa n'ku Lilongwe komwe osalitchaja. Kuchoka apo, msewu wonse uja mpaka ku Chitipa, kenako mapiri. Akafika, magetsi ali kuti? Akanafera m'galimoto, m'manja mwa amayi, pamalo popanda ndi dzina lomwe. Ndinawauza. Adadi anangoti, 'Iwe gula, zinazo n'za Mulungu.' Amayi anati mwana saletsa bambo ake kupita kwawo. A kumpingo anali atasonkha kale, akuimba nyimbo. Ndikanakana bwanji?"

"Mukanakana ndi pakamwa. Mabotolo a madzi anali a chiyani?"

Anapuma mwamphamvu. "Ndinkafuna kuti amayi andiimbire, ine ndinene kuti sitolo yatipusitsa. Sitolo ya kunja, yomwe inawakana kale, yomwe sangaitengere kulikonse chifukwa lamulo lake siliwakhudza. Akanatukwana azungu a ku Holland, nkhani n'kuthera pomwepo. Ndalama zili chikhalire, ndikanazibweza kumpingo pang'onopang'ono. Sindinaganize kuti aimbira apolisi."

"Ataimbira, bwanji simunanene? Nedson akumuthamangitsa m'dziko."

"Ndikudziwa."

"Ali ndi mkazi ndi ana."

"Ndikudziwa, achimwene. Tsiku lililonse ndimatenga foni kuti ndiimbe. Ndine woyembekezera, miyezi yatha, ndege sangandilole. Akanapita, sindikanawaonanso, ngakhale kumaliro sindikanafika. Mwina ndi chifukwa chenicheni chimenecho. Mwina zonse ndakuuzanizi ndi zongodzikometsera. Sindikudziwanso." Kenako anafunsa, "Mundimanga?"

"Munagula m'dzina lanu, ndi khadi yanu, n'kubweza mwalamulo. Ngati amayi anu kapena a mpingo sadandaula za inu, ine ndilibe pogwira. Ndipo muli dziko lina."

"Ndikanena zoona, ankolo a Nedson awasiya?"

Eneya anayang'ana mabasi akudutsa mumsewu wonyowa. Akanatha kumunamiza kuti apeze umboni wake mosavuta.

"Dzina la wakuba lichoka," anatero. "Za viza sizibwerera. Zomwe anamupeza nazo kudoko n'zoona."

*

Atabwerera ku Maryhill, Mayi Misozi anamutsekulira n'kumulowetsa kukhitchini osamufunsa chomwe wabwerera. Anatseka chitseko cha kuchipinda.

"Amayi, botolo limodzi linalibe thawulo," anatero Eneya. "Linapita kuti?"

Mayiwo anakhala pampando. Kwa nthawi yoyamba anaoneka okalamba. Anatsegula kabati ya pansi pa sinki, n'kutulutsa kathawulo kobiriwira kothethekera m'mphepete.

"Ndinamugulira Atusaye akupita kusukulu ya unamwino. Pakona apa ndinasokapo ndekha litang'ambika. Iye anaiwala, ine sindingaiwale ulusi wanga." Anakapinda pamwendo. "Ndinakaona apolisi oyamba aja atapita kale. Ndinali nditatchula kale dzina la Nedson."

"Mukanaimbanso."

"N'kunena kuti chiyani? Kuti mwana wanga waba mpweya wa bambo ake? Mpingo wonse unasonkha." Anamuyang'ana m'maso. "Dzulo kunabwera dokotala. Akuti ngakhale makina atapezeka lero, sangasainirenso kuti akwere ndege. Nthawi ija inali yomweyo, yadutsa. Ndiye ndikukupemphani, mwana wanga. Amuna anga atsala ndi masiku ochepa. Asiyeni apite akudziwa kuti anawabera ndi munthu wapadera. Nedson akupita kale, sizimuonjezera kanthu."

"Zimuonjezera. Akafika kumudzi, mbiri ikhala itafika kale."

"Atusaye ndi mwana wanga yekhayo."

"Mu lipoti ndilemba zomwe ndapeza, amayi. Sindingalembe zina."

"Lipoti sawerenga iwo. Ndikunena za pakamwa panu."

Asanayankhe, kuchipinda kunamveka kugogoda, ngati supuni pa kapu. Mayi Misozi anadzuka, koma mawu ofooka anawatsogolera.

"Wapolisiyo alowe."

Bambo Japhet anali atatsamira mapilo, kachubu kali m'mphuno. Anali munthu wamtali yemwe matenda anangomusiyira mafupa. Ankalankhula mawu awiri atatu, n'kupuma, n'kupitiriza.

"Ndinu mwana wa a Chikoti. A ku Zomba."

"Eya, bambo."

"Mwapeza?"

"Ndapeza kumene makina anapita. Sangabwerenso."

Bambowo anagwedeza mutu ngati zimenezo ankazidziwa kale. "Ndi Nedson?"

Eneya anamva Mayi Misozi ataima kumbuyo kwake, pakhomo. Sanacheuke.

"Ayi, bambo. Si Nedson."

M'chipindamo munangotsala kung'ung'uza kwa makina. Bambo Japhet anayang'ana akazi awo nthawi yaitali, ndipo mayiwo anagwetsa nkhope. Eneya anadikira funso lotsatira, atakonzeka kuliyankha. Silinabwere.

"Akuti akumubweza kumudzi," anatero bambowo pomaliza.

"Zikuoneka choncho."

"Chifukwa cha bokosi langa." Anapuma. "Muimbireni. Abwere. Ndimupepese ndi pakamwa panga. Ndiponso ndimutume. Iye akafika. Akauze abale anga asakumbe. Ndigona konkuno."

Mayi Misozi anatuluka m'chipindamo atagwira pakamwa.

Eneya anatsika masitepe n'kukaima panja, pafupi ndi mpanda woyang'ana kungalande. Kunkawaza kamvula. Anaimba, ndipo Nedson anayankha msanga, ngati munthu amene foni ili m'manja tsiku lonse.

Anamuuza kuti dzina lake layera, kuti zilembedwa, ndipo a kumpingo adziwitsidwa. Nedson sanafunse kuti wakuba ndani. Anangofunsa ngati zimenezo zisintha kanthu pa za ulendo wake, ndipo Eneya anamuuza zoona. Kenako anapereka uthenga wa Bambo Mwakilama, mawu ake onse monga anawalankhulira.

Kumbali inayo kunamveka mwana akulira, ndi mawu a mayi akumutonthoza.

"Mwamva, a Kachale?"

"Ndamva, bwana."

"Ndiwauze kuti mubwera liti? Masiku awo ndi ochepa."

"Auzeni kuti ndilibe nawo chifukwa. Ndi bambo anga amene aja. Koma kubwera sindibwera. Ndikalowa m'nyumba imeneyo ndiyenera kupatsa moni amayi aja, ndipo mtima umenewo sindinaupeze. Uthengawo atume wina. Ine katundu wa anthu ndasiya kunyamula."

Foni inaduka. Eneya anaiika m'thumba, n'kuyamba kukweranso masitepe kukawauza.